BATIRE NDI NDOWA, SI CHITSIME: MBIRI YA KUTCHAJA KUCHOKERA KU ULAYA MPAKA PA GOMBE PATHU

Uthengawu ndi wautali, ndiye amene muli pa ntchito muusunge, mudzawerenge usiku mukudikira kuti mwezi ulowe.

Chandilembetsa ndi kavidiyo kaja kanazungulira pa gulu pano sabata yatha, ka munthu uja wamata maginito pa kafani n'kumati kakuzungulira kokha mpaka kalekale, kakutchaja batire popanda mafuta, dzuwa kapena mphepo. Mng'ono wathu wina wandiimbira kuti akufuna kugulitsa foni agule maginito. Ndamuuza kuti aise, dikira kaye ndilembe. Nkhani yopanga wekha makina otchajira mabatire ndi yakale kuposa agogo athu, ndipo ife ana a asodzi tili mkati mwake ngakhale sitinalembedwe m'mabuku.

Ndiyambe ndi kwathu. Ndili mwana, bambo anali ndi wayilesi ya Nzeru yomwe ankaikonda kuposa malaya awo a pa Khirisimasi. Mabatire akatha, ntchito yanga inali kuwayanika pa thandala pambali pa usipa. Ena ankawaluma ndi mano, ena kuwamenya ndi mwala pang'onopang'ono. Madzulo wayilesi inkalankhuladi, mwina mpaka nkhani za 7 koloko kutha, kenako mawu n'kumazilala ngati munthu wogwidwa tulo. Tonse tinkati dzuwa latchaja. Ayi ndithu. Mabatire amenewo ndi adzukulu a lomwe anapanga Mfalansa wina, Georges Leclanché, mu 1866. Mkati mwake muli mankhwala omwe amadya chigoba cha zinki kuti magetsi atuluke. Kutentha kumangofulumizitsa mankhwala otsala, ndipo kumenya kumawasuntha kuti akhudze pomwe sipanadyeke. Zili ngati kukanda mphika wa nsima ya dzulo: mupezamo kanthu, koma simunaphike nsima ina.

Batire loyamba lenileni anapanga Alessandro Volta wa ku Italy mu 1800, posanjikiza tizitsulo tamitundu iwiri ndi tinsalu tonyowa ndi madzi amchere pakati. Mawu akuti volt achokera pa dzina lake. Koma la Volta likatha linali latha basi. Lomwe ife timanyamula pamutu kupita nalo ku bwato linabadwa mu 1859 m'manja mwa Gaston Planté ku France. Iye anatenga mapepala awiri a mtovu, kuwalekanitsa ndi timizere ta labala, kuwapinda ngati mkeka, n'kuwamiza mu asidi. Anaona kuti akalowetsamo magetsi amasungika, akawatulutsa amatha kulowetsanso ena. Tsono mverani izi: Planté anali ndi vuto lathu lomweli. Batire analipanga, koma chotchajira chabwino analibe. Ankalidzaza pogwiritsa ntchito mabatire ena otayika aja, zomwe zinali zodula kwambiri. Michael Faraday ku London anali atasonyeza kale mu 1831 kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, mu wayamo mumayenda magetsi, koma panatenga zaka 40 kuti Zénobe Gramme aonetse dayinamo yogwira ntchito bwino ku Paris mu 1871. Mu 1881 Camille Faure anapeza njira yomata phala la mtovu pa mapuleti kuti batire lizisunga zambiri komanso lizipangika msanga, ndipo kuyambira pamenepo batire ndi dayinamo zinakwatirana. Mukatsegula batire la pa gombe lero mupeza banja lomwelo: mtovu, asidi, zipinda 6, chilichonse cha 2 volts.

Mfundo ya Faraday muisunge bwino chifukwa ndi yomwe ikupha kavidiyo kaja. Maginito sapereka magetsi atangokhala. Pafunika china chowazunguza, ndipo mukayamba kukoka magetsi makinawo amalimba, amafuna mphamvu yochulukirapo. Aliyense amene anapalasapo njinga usiku dayinamo itagona pa tayala akudziwa mmene miyendo imamvera. Kulimba kumeneko ndiye mtengo wa kuwala. Kafani ka mu vidiyo kali ndi batire lobisika pansi pa tebulo, ndilibe nazo chikaiko.

Gawo la mbiri lomwe limandisangalatsa kwambiri lili ku America, ndipo mukaliwerenga mumangoona ngati akunena za ku Makanjira kapena ku Usisya. Cha m'ma 1920 wayilesi zinafika kwa alimi a kumidzi, koma mawaya a magetsi sanafike. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1930, pa mafamu 10 aliwonse ndi pafupifupi imodzi yokha yomwe inali ndi magetsi a pa waya. Wayilesi zawo zinkadya batire la 6 volts, ndiye mlimi ankalinyamula kupita nalo m'tauni kukatchajitsa, n'kukhala masiku opanda nkhani za mitengo ya mbewu. Anyamata a pa mafamu anatopa nazo. Anayamba kuzula majenereta m'magalimoto akufa, makamaka Ford Model T, kusema thabwa ngati chopalasira cha ndege, n'kuziimika pa denga kuti mphepo izichita ntchitoyo. Abale awiri a ku Montana, Marcellus ndi Joe Jacobs, anayamba choncho pa famu ya makolo awo mpaka anatsegula fakitale, ndipo makina awo amodzi anapita ndi Richard Byrd ku Antarctica mu 1933. Ku Iowa kunabadwa ina yotchedwa Wincharger, yomwe kampani ya wayilesi ya Zenith inkagulitsa motchipa kwa wogula wayilesi yake. Nzeru zamalonda zimenezo: ukamupatsa munthu njira yotchajira, wayilesi agula.

Chinazipha ndi chiyani? Mawaya. Mu 1935 boma la Franklin Roosevelt linakhazikitsa bungwe lofikitsa magetsi kumidzi, ndipo m'zaka 20 zotsatira mapolo anafika pafupifupi paliponse. Makina a mphepo aja anatsitsidwa, ena anangosiyidwa kuchita dzimbiri. Iwo nyengo yotchaja ndi zopangapanga inali ya m'badwo umodzi. Ife tili m'badwo wachitatu tikadali momwemo.

Ndipo apa pamandiwawa pang'ono. Siteshoni ya Nkula pa Shire inayamba kupanga magetsi mu 1966, kenako Tedzani, kenako Kapichira mu 2000. Madzi ozunguza makina onsewo ndi a m'nyanja yathu yomweyi, amatuluka pa Mangochi n'kutsika. Koma mwana wobadwira pa gombe, amene amasamba madzi amenewo m'mawa uliwonse, wakula akuwerenga ndi koloboyi. Sindikuloza munthu chala, ndikungonena mmene mapu a mapolo anayendera: anatsata matauni ndi ma esiteti, magombe ambiri anawadumpha.

Ndiye ife tinachita zomwe anachita alimi a ku Montana. Choyamba chinali batire la galimoto pa kaliyala ya njinga. Achimwene anga ankapalasa mtunda wa maola awiri kupita pa tauni pomwe panali magetsi, kusiya batire kwa wotchaja, kubwerako, n'kudzapitanso mkucha. Buluku lawo lililonse linali ndi mabowo a asidi. Batire limenelo linkaimbitsa wayilesi ya kaseti pa chinkhoswe, kenako linayamba kuonetsa TV yaing'ono ya mpira. Mafoni atabwera, TNM mu 1995 ndi Celtel mu 1999, anatenga zaka zingapo kuti afike m'manja mwa asodzi, koma atafika zinthu zinatembenuka. Foni inasanduka chida cha ntchito ngati nkhafi: umafunsa mtengo wa usipa ku Limbe kapena ku Lilongwe usanagulitse ndowa. Foni yozima inayamba kutanthauza ndalama zotayika, ndipo wokhala ndi chotchajira pa gombe anasanduka bwana.

M'nyengo yomweyo ku Kasungu kunachitika nkhani yomwe nonse mukuidziwa, koma ambiri mumaidziwa ngati filimu chabe. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi, njala ya 2001 ndi 2002 itasesa nkhokwe. Ali ndi zaka 14 anapeza buku lotchedwa Using Energy mu kalaibulale kakang'ono, anaona chithunzi cha makina a mphepo, n'kuyamba kutola zinthu kudzala: fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki omwe anawawongola pamoto kuti akhale mapiko, fulemu ya njinga ya bambo ake, ndi dayinamo ya njinga, zonse pamwamba pa nsanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga. Dziko linamudziwa nyuzipepala italemba za iye mu 2006, ndipo mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha. Chomwe ine ndimachitengapo ndi ichi: mnyamatayo sanapeze magetsi aulere ochokera kumwamba. Anamvetsa kuti dayinamo imafuna kuzungulira mofulumira, ndiye anagwiritsa ntchito tcheni ndi tayala la njinga kuti liwiro la mapiko lichuluke. Anamvetsanso kuti dayinamo ya njinga imatulutsa magetsi opita uku ndi uku, pamene batire limafuna oyenda mbali imodzi, ndiye pakati pafunika kachipangizo kotchedwa diode, kokhala ngati mono: cholowa sichibwerera. Popanda kameneko batire silidzadza, mungazunguze usiku wonse.

Kumpoto anzathu anatenga njira ya madzi. Ku Mzimba, Colrerd Nkosi anayamba ndi dayinamo ya njinga pa mtsinje wa Kasangazi, n'kumakulitsa ndi zitsulo zotola mpaka nyumba za m'mudzi mwake zinayaka. M'mapiri a Kavuzi ku Nkhata Bay muli timakina tambiri totere ta pa mitsinje. Iwo ali ndi mwayi womwe ife tilibe, chifukwa mtsinje wa m'phiri umagwa usana ndi usiku. Nyanja ndi yaikulu koma ndi yogona, madzi osatsika sazunguza kanthu.

Ine ndinati ife tili ndi mwera. Ndili Fomu 3 ndinapeza alternator ya minibasi yakufa, ndinasema mapiko atatu, ndinaimika pa mtengo kuseri kwa nyumba. Mwezi wa Julaye mwera unabwera wamphamvu, mabwato onse ali kumtunda, mapiko anga akuzungulira mpaka kulira. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Nditayeza madzulo, batire linali lotsika kuposa mmene ndinaliikira. Bambo anangoti, "Iwe, makina akowa akumwa m'malo motunga," n'kubwerera kukasoka ukonde. Manyazi ake sindidzawaiwala.

Zaka zitapita ndi pomwe ndinamvetsa. Alternator ya galimoto ilibe maginito enieni mkati. Ili ndi koyilo yomwe imasanduka maginito pokhapokha ikamadya magetsi ochokera ku batire lomwelo. Ndiponso inapangidwa kuti izizunguzidwa ndi injini, imayamba kubweza kanthu ikadutsa maulendo pafupifupi 1,000 pa mphindi. Mapiko anga sankafika n'komwe pamenepo, ndiye tsiku lonse inkangodya osabweza. N'chifukwa chake anthu opanga makina a mphepo pamanja masiku ano amatsata njira ya Hugh Piggott wa ku Scoraig ku Scotland, dera lomwe kulibe mawaya a magetsi a boma. Iye amakulunga yekha makoyilo, n'kumata maginito amphamvu a neodymium pa mbale ziwiri zachitsulo, kuti makina ayambe kutchaja ngakhale akuzungulira pang'onopang'ono. Ndiye mng'ono wanga, maginito ali ndi ntchito ndithu, koma kumbuyo kwake kukhale mphepo.

Pomwe alternator imagwira bwino ndi pa jenereta ya pa gombe ija tonse taionapo: kainjini ka petulo ka pampu yothirira, lamba, alternator, zonse zokhomeredwa pa thabwa limodzi. Imeneyo ndi yoona, ndipo masiku a mitambo yapulumutsa maulendo ambiri. Koma ili ndi malamulo ake. Musachotse batire injini ikuyenda, mumaotcha ma diode. Musatembenuze mawaya ngakhale kamphindi. Ndipo dziwani kuti kuthira moto wambiri kwa ola limodzi sikudzadza batire, kumangolipaka pamwamba. Gawo lomaliza limalowa pang'onopang'ono, ngati kuthira madzi m'botolo la kukamwa kwakung'ono.

Tsopano tifike pomwe pali ndalama zathu. Kale siginala ankapita pa kauni ndi nyali za Tilley zomangirira pa bwato, ndipo parafini, magalasi ndi tinsalu take toyaka zinkadya phindu usipa usanafike kumtunda. Mababu a LED atatchipa, pamodzi ndi masola, ambiri tinasamukira ku batire. Zinatithandiza, palibe wokana. Koma taonani mmene mabatire akufera pa gombe, ena osatha n'chaka chomwe, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mababu anu onse pamodzi ndi 60 watts. Pa 12 volts ndiye kuti akukoka 5 amps. Mukayatsa maola 8 mwatulutsa 40 Ah. Batire lolembedwa 100 Ah silifuna kutsitsidwa kupyola theka, ndiye mpaka apa muli bwino. Vuto lili masana. Sola ya 100 watts pa dzuwa labwino imapereka pakati pa 5 ndi 6 amps, ndipo maola a dzuwa lamphamvu ndi pafupifupi 5. Mwabweza 30 Ah mukachita mwayi, osawerengera mafoni 10 a alovi omwe alumikizidwa pomwepo. Tsiku lililonse mukutenga 40 n'kubweza 30. Pakutha pa mdima umodzi batire lili pansi, ndipo likugona pansi pomwepo.

Batire la mtovu likakhala losadzadza, pa mapuleti pamamera timiyala toyera totchedwa sulphate. Tikakhala tatsopano timasungunuka mukatchaja. Tikakhalitsa masabata timauma gwaa, ndipo malo osungira magetsi amachepa. Choipanso, ambiri timagula batire la galimoto, lomwe lili ndi mapuleti opyapyala opangidwira kuliza injini masekondi ochepa, osati kuyaka usiku wonse. La sola lenileni, la mapuleti okhuthala, ndi lodula pogula koma ndi lotchipa pa zaka.

Nanga lakufa limadzuka? Pena inde, kawirikawiri ayi. Lisiyeni lipume maola angapo osalumikiza kanthu, muyeze ndi multimeter. Likaonetsa 12.6 kapena 12.7 ladzadza. Likaonetsa 12.0 latsika kwambiri, litchajeni lero lomwe. Mukalitchaja tsiku lonse koma likapuma n'kubwerera cha pa 10.5, ndiye kuti chipinda chimodzi chafa, ndipo palibe sing'anga wa zimenezo. Lomwe lingadzuke ndi lija langokhalitsa osatchajidwa kapena laphwa madzi. Limenelo mulithire madzi a batire ogula aja mpaka mapuleti amire, osati a m'nyanja kapena a pa mjigo chifukwa ali ndi mchere wobisika, kenako mulipatse moto wochepa, 2 kapena 3 amps, kwa tsiku limodzi kapena awiri, mukumaligwira kuti lisatenthe. Likabwerera silikhala latsopano, koma lingakutumikireni miyezi ina. Zothira asipirini, mchere wa Epsom, kapena kukhuthula asidi n'kuthira watsopano, ndaziyesapo zina mwa izo. Nambala pa multimeter imakwera, mumasangalala, koma mukafika pakati pa nyanja 11 koloko usiku nyali zimafiira. Ndi nkhani ya thandala ija yabwereranso.

Potchaja, batire limatulutsa mpweya wa hydrogen, wosaoneka koma wophulika. Malume anga ena anachotsa waya pa batire lomwe linkabwata m'kanyumba kotseka, kamoto kanathetheka, chivindikiro chinawamenya pamphumi ndipo asidi anawalowa m'diso. Chinawapulumutsa n'chakuti nyanja inali pafupi, anamiza nkhope m'madzi nthawi yaitali asanathamangire kuchipatala. Diso limenelo mpaka lero limaona mwa chifunga. Zimitsani kaye chotchajira musanagwire mawaya, ndipo fodya akhale kutali.

Anyamata a masiku ano mwayamba ina, yophwasula mabatire a laputopu n'kutolamo timabatire ta 18650 kupangira mapawabanki. Mtundu uwu wa lithium unayamba kugulitsidwa ndi Sony mu 1991, ndipo ndi wabwino zedi, koma sukhululuka. Kamodzi kamadzadza pa 4.2 volts, osapyola. Komwe katsika pansi pa 2.5 n'kukhalitsa, mkati mwake mumatha kumera tinthu tomwe timaboola pakati, ndipo mukakakakamiza kudzuka pokagunditsa ku batire la galimoto mukupanga moto womwe ungayake usiku pansi pa denga la udzu. Kotupa, kadzimbiri kapena kotentha potchaja musakasunge m'nyumba.

Ndasunga nkhani yolemera kumapeto. Ku Senegal, kunja kwa mzinda wa Dakar, kuli dera la asodzi ngati ife lotchedwa Thiaroye-sur-Mer. Kwa zaka zambiri anthu kumeneko ankaswa mabatire akufa n'kusungunula mtovu, wina n'kupangira zolemetsa maukonde. Fumbi lake linalowa mu mchenga wa m'mudzi. Mtengo wa mtovu utakwera, amayi anayamba kusefa mchengawo kuti atolemo zotsalira, ena kuutengera kunyumba, ana ali kumsana kapena akusewera pomwepo. Pakati pa Novembala 2007 ndi Malichi 2008 ana 18 aang'ono anamwalira, ambiri atayamba kukomoka ndi kugwedezeka. Poyamba anthu ankaganiza matenda ena, mpaka akatswiri a World Health Organization atayeza magazi a abale awo n'kupeza mtovu wochuluka moopsa. Ku Mombasa ku Kenya, mudzi wa Owino Uhuru unavutikanso ndi fakitale yosungunula mabatire, mpaka mayi wina, Phyllis Omido, amene mwana wake anadwala, anamenya nkhondo kuti itsekedwe.

Ndikunena izi chifukwa mwezi watha ndinaona ndi maso anga pa gombe lina anyamata akusungunula mapuleti a batire m'chitini, pa mafuwa omwewo amaphikirapo, utsi ukupita pa thandala la usipa, tiana titazungulira tikuonerera. Asidi anali atamukhuthulira pa mchenga. Mtovu sununkha, suwawa pakhungu, ndipo mwana amene waumeza pang'onopang'ono sagwa tsiku lomwelo. Amangoyamba kuvutika m'kalasi, kuiwalaiwala, kudwala m'mimba, ife n'kumati ndi wopanda nzeru kapena amulodza. Batire lakufa musaliswe. Ogulitsa mabatire ena amalandira lakale n'kukuchotserani mtengo pa latsopano, ndipo ngakhale akupatseni zochepa, litulutseni m'mudzi lili lotseka. Agogo athu ankamiza maukonde ndi miyala ndipo chambo ankapha kuposa ife.

Mng'ono wanga uja foni sanagulitse. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali, poti mwezi udzakhala wowala ndipo ambiri simupita pa nyanja, ndibwera ndi multimeter pansi pa mtengo wa mango paja timasokera maukonde. Bweretsani mabatire anu tiwayeze limodzilimodzi, tione odzuka ndi osadzuka, ndipo aliyense abwere atawerenga ma watts olembedwa pa mababu ake ndi kuseri kwa sola yake. Amene ali ndi alternator yakufa abwere nayonso, ndikufuna tiyese kuchotsa koyilo yapakati tiikemo maginito, mwera usanathe. Yanga ija bambo anaisandutsa nangula.